Mutu 6: Za Kaphunziridwe ka Munthu Payekha

Mutu uno usiyana pang'ono ndi mitu inzake. Kawiri-kawiri pa maphunziro a kaphunzitsidwe ka Cinyanja timakamba za mwana amene adzakhala patsogolo panu m'kalasi. Muno tiyamba ndi inu eni ake, pakuti musanaime pa bolodi muyenera kupambana mayeso a pa koleji, ndipo mmene muwerengera lero ndi mmenenso mudzauzira ana kuwerenga mawa. Funso limene tifuna kuyankha ndi ili: kodi nzoona kuti munthu aliyense ali ndi kaphunziridwe kakekake kamene anabadwa nako? Ngati si zoona, nanga nciani cimene munthu ayenera kudziwa za iye mwini kuti aphunzire bwino?

Tsiku lina ndinapita kukaona wophunzira wathu wina amene anali kuyeserera uphunzitsi pa sukulu ina ya pulaimale ku Chilenje. Kalasi inali ya Giredi 2, ana oposa 60, ndipo phunziro linali la maphatikizo a pha, phe, phi, pho, phu. Mtsikanayo anali wakhama, ndipo zinali zoonekeratu kuti anacezera usiku kukonza zipangizo. Anagawa anawo m'magulu atatu. A pafupi ndi zenera anawapatsa makadi olembedwa bwino kuti aziyang'ana. A pakati anawachulitsa maphatikizowo mobwereza-bwereza akuomba m'manja. A kumbuyo anawapatsa zitsekerero za mabotolo kuti aziyala pansi kupanga malembo. Nditamfunsa cifukwa cake, anandiyankha mwaulemu ndi monyadira: “Aphunzitsi, awa ndi ana a maso, awa ndi a makutu, awo ndi a manja. Ndinawapima sabata yatha.”

Phunziro litatha ndinapempha kuti ndiyese anawo ndi mawu awiri okha, pala ndi phala. Ana a makutu anachula mawuwo mosiyanitsa bwino, koma polemba ambiri analemba pala kawiri, pakuti lembo la h sanalione. Ana a maso anadziwa kuti liwu lina liri ndi malembo asanu, lina anai, koma powerenga anawachula mofanana. Ana a manja anali atayala malembo okongola, osadziwa kuti malembowo anena ciani. Mwana aliyense analandira gawo limodzi la cinthu cimene cifuna magawo atatu. Pobwerera, tiri kuyembekeza minibasi pafupi ndi msika wa Chilenje, mtsikanayo anandiuza kuti iyenso ndi wa makutu: salemba zambiri, amangojambula mawu a mphunzitsi pa foni namvetsera ali m'njira. Ndinakumbuka pamenepo kuti pa mayeso olemba a Cinyanja iye anali kupeza mamalikisi ocepa, ngakhale kuti poyankha pakamwa m'kalasi panalibe womposa.

Kumene ganizoli linacokera

Ganizo lakuti anthu agawika m'mitundu monga mwa ciwalo cimene aphunzira naco bwino silinayambe ndi mtsikanayu. Njira yodziwika kwambiri yogawira anthu motere ndi ya Neil Fleming, mphunzitsi wa ku New Zealand amene anagwiraponso nchito yoyendera masukulu. Mu 1987 iye anakonza mafunso amene munthu akayankha auzidwa gulu lake mwa magulu anai: woona, womva, wowerenga ndi kulemba, kapena wogwira ndi kucita. Njirayi ichedwa VARK, kutenga malembo oyamba a maina a maguluwo m'Cingelezi. David Kolb wa ku America, m'buku lake la 1984, anafotokoza mitundu inai yosiyana ndi imeneyi, ndipo ena ambiri anakonza zao. Mu 2004 Frank Coffield ndi anzake ku Britain anasonkhanitsa njira zotere napeza 71. Munthu wozindikira ayenera kuima kaye pa nambalayo. Ngati akatswiri agawa anthu omwewo m'njira 71, sizingatheke kuti onse alikuona cinthu cimodzi. Mwa njira 13 zimene Coffield ndi anzake anasanthula mozama, imodzi yokha ndiyo inakwanitsa miyeso yonse inai imene anaika poyesa ngati mafunso ake ali odalirika.

Komabe ganizoli linafala, ndipo sindidabwa nako. Liri ndi cifundo m'kati mwake. Liuza mphunzitsi kuti palibe mwana wopanda nzeru, koma kuti njira yake sinapezeke. Liuza wophunzira wolephera kuti colakwa si iye. Pa kafukufuku wa 2012, aphunzitsi 93 mwa 100 alionse amene anafunsidwa ku Britain, ndi 96 mwa 100 ku Netherlands, anavomereza kuti munthu aphunzira bwino akaphunzitsidwa m'njira imene akonda. Motero ngati inunso munali kukhulupirira zimenezi, musacite manyazi. Munali pa gulu lalikulu.

Kuti tidziwe ngati ganizoli liri loona, sitifunsa anthu cimene akonda, pakuti zoti anthu akonda zosiyana palibe akana. Funso ndi lakuti, kodi munthu akaphunzitsidwa m'njira imene akonda, aphunziradi koposa? Kayesedwe kake nkosavuta kumva. Mupime ophunzira, mupeze a maso ndi a makutu. Theka la a maso muliphunzitse ndi zooneka, theka linalo ndi zomveka. Mucite cimodzimodzi ndi a makutu. Kenaka onse alembe mayeso amodzi. Ngati ganizolo liri loona, a maso ophunzitsidwa ndi zooneka adzaposa a maso anzao, ndipo a makutu ophunzitsidwa ndi zomveka adzaposa a makutu anzao. Mu 2008 akatswiri anai a zamaganizo a ku America, Harold Pashler, Mark McDaniel, Doug Rohrer ndi Robert Bjork, anafufuza m'zolembedwa za akatswiri anzao kuti aone ngati kuyesa kotere kunacitikapo. Anapeza kuti mwa zolembedwa zoculuka, zocepa kwambiri ndizo zinatsata kayesedwe koyenera, ndipo zingapo mwa zocepazo zinatsutsa ganizolo poyera. Mu 2015 Beth Rogowsky ndi anzake anayesanso ndi anthu akuluakulu. Ena anamvetsera buku lojambulidwa mawu, ena anawerenga buku lomwelo, ndipo njira imene munthu anati akonda sinasinthe kuculuka kwa zimene anamvetsa kapena kukumbuka. Kukonda cinthu ndi kupindula naco ndi nkhani ziwiri, monga mai aliyense adziwa amene mwana wake alirira zitumbuwa nthawi ya nsima.

Magalimoto a waya

Umboni umene ine ndiukonda koposa sunacokere kutali. Aliyense amene anakulira ku Chilenje, ku Kabwata kapena ku Libala adziwa anyamata opanga magalimoto a waya, okhala ndi zitseko, mawilo ozungulira ndi ciwongolero cacitali cofika m'ciuno. Mu 1979 Robert Serpell, katswiri wa zamaganizo wa pa University of Zambia amene pambuyo pake anatsogolera yunivesiteyo kuyambira mu 2003 mpaka 2006, anafalitsa zimene anapeza poyerekeza ana a sukulu a m'tauni m'dziko lino ndi ana a m'tauni ku Britain. Anawapatsa nchito imodzi, yotsanzira cifanizo cimene aikiridwa, koma ndi zipangizo zosiyana. Pojambula ndi pensulo pa pepala, ana a ku Britain anaposa. Popinda waya, ana a kuno anaposa. Poumba ndi dongo la m'sitolo, ndiponso potsanzira kaikidwe ka manja, panalibe kusiyana kwenikweni. Atamangidwa kumaso, ana a mbali zonse ziwiri anavutika mofanana.

Mfundo yotsirizayi muisunge. Masiku amenewo kunali akatswiri ena amene anali kunena kuti anthu a mu Afirika adalira khutu ndi khungu, pamene Azungu adalira diso. Limenelo ndi ganizo lomwe lija la a maso ndi a manja, koma loikidwa pa mtundu wathunthu wa anthu. Cikhala kuti linali loona, ana a kuno sakadavutika kwambiri atamangidwa kumaso, ndipo akadaposa pa dongo monga anaposera pa waya. Sizinatero. Waya, dongo ndi pensulo zonse zigwiridwa ndi manja ndipo zonse zifuna maso. Cimene cinasiyanitsa anawo ndi mazolowera: mwana wa kuno anali atatha maola ambiri akupinda waya kuseri kwa nyumba, mnzake wa ku Britain anali atatha maola ambiri ndi pensulo ndi mapepala. Aliyense anapambana pa cimene anacicita kambiri.

Zofanana ndi zimenezi zinaonekanso pa kuwerenga. M'zaka za 1965 ndi 1966 boma la Zambia linakhazikitsa Cingelezi kukhala cinenero cophunzitsira kuyambira Giredi 1, pamene ku Malawi, m'zaka zotsatira, ana anali kuphunzira m'Cicewa zaka zinai zoyamba. Eddie Williams wa pa University of Reading, m'lipoti lake la 1998, anayerekeza ana a maiko awiriwa. Pa kuwerenga Cingelezi sanasiyane kwenikweni, koma pa kuwerenga cinenero ca kwao ana a ku Malawi anaposa kutali ana a kuno owerenga Cinyanja. Palibe anganene kuti ana a tsidya lino la malire a Mwami anabadwa ndi maso ena kusiyana ndi abale ao a ku Mchinji. Ena anazolowezedwa kuwerenga cinenero cao, ena ai. Ndondomeko ya maphunziro ya 1996, Educating Our Future, inabwezera kuwerenga koyamba m'zinenero za m'dziko lino.

Tsono tibwerere kwa mtsikana uja. Bvuto lake silinali m'makutu kapena m'maso. Iye anabadwira ndi kukulira mu Lusaka, ndipo cinenero cimene anazolowera ndi Cinyanja ca m'tauni, cimene citi vintu vanga pamene buku liti zinthu zanga, nifuna pamene buku liti ndifuna, manje m'malo mwa tsopano, manzi m'malo mwa madzi, bana m'malo mwa ana. Monga wophunzira za zinenero ndiyenera kunena mosabisa kuti Cinyanja ca m'tauni si cinenero cothyoka. Ciri ndi malamulo ake, ndipo mwana wa ku Chilenje sawaphonya: simudzamumva akuti vintu canga. Koma mayeso alembedwa m'Cinyanja ca m'buku, ndipo cimeneco mtsikanayo anali atacimva pang'ono, kuciwerenga pang'ono kwambiri, ndipo kucilemba ndiye nkomwe. Dzina lakuti wa makutu linampatsa cifukwa cabwino cothawira cinthu comweco cimene anayenera kucicita koposa. Apa ndi pamene pali kuopsa kwa maina otere. Munthu akauzidwa kuti ndi wa makutu aleka kulemba. Akauzidwa kuti ndi wa manja aleka buku. Ndipo pakapita caka dzinalo lioneka ngati linali loona, popeza ciwalo cosagwiritsidwa nchito cafookadi.

Inu ocokera ku Katete, ku Chadiza kapena ku Chipata musaseke. Ambiri a inu mulankhula Cinyanja cofanana kwambiri ndi ca m'buku, ndipo cifukwa ca ici muyesa kuti phunziroli silifuna kuwerenga. Pa mayeso ndi pamene muzindikira kuti kulankhula bwino sikuuza munthu pamene alekanitse mawu polemba, kapena cimene cisiyanitsa mfotokozi ndi muonjezi.

Nkhani ndiyo isankha njira

Kunena kuti munthu alibe ciwalo cimodzi cophunzirira sikutanthauza kuti maso, makutu ndi manja zicita nchito yofanana. Zisiyana ndithu, koma cimene cisankha ndi nkhani yophunziridwayo, osati wophunzirayo. Cinenero cathu cionetsa zimenezi bwino. Liwu lakuti mtengo lilembedwa mofanana m'mawu akuti mtengo wa mango wagwa ndi mtengo wa ufa wakwera, koma lichulidwa mosiyana, kukweza ndi kutsitsa kwa liwu kuli pena. Cimodzimodzinso khungu la thupi ndi khungu la kusaona. Kalembedwe kathu sikaonetsa kusiyanaku, motero ngakhale munthu wodzicha wa maso adzakuphunzira ndi khutu basi. Kusiyana kwa ng'oma yoimba ndi ngoma ya m'chire kumveka ndi khutu, koma kacizindikiro ka pamwamba kamene kasiyanitsa mawuwo pa pepala kaphunziridwa ndi diso. Kusiyana kwa pala ndi phala, kapena kola ndi khola, kuli pa mpweya umene utuluka pakamwa: mwana aumva ndi khutu, aona kapepala kali patsogolo pa milomo yake kakugwedezeka, aumvanso ukugunda kuseri kwa dzanja lake, ndipo pamenepo lembo la h likhala ndi tanthauzo. Kaumbidwe ka malembo kaphunziridwa ndi dzanja. Magulu a maina, monga munthu ndi anthu, mudzi ndi midzi, cinthu ndi zinthu, kamwana ndi tiana, aoneka bwino akandandalikidwa pa bolodi, koma mgwirizano wake ukhazikika pokhapokha pakamwa pakazolowera kunena kuti mudzi wanga, midzi yanga, tiana tanga.

Kunja kwa phunziro la cinenero ziri cimodzimodzi. Njira yocokera ku Chilenje kupita m'tauni kudzera ku Kabwata imveka msanga pa mapu kusiyana ndi m'ndime yolembedwa. Mbiri ya nyumba ya nambala 394, imene Kenneth Kaunda anakhalamo kuyambira mu 1960 mpaka 1962, ingafotokozedwe m'kalasi, koma kucepa kwa zipinda zake kudziwika ndi mwana amene walowamo. Ndipo wosema wa ku Kabwata Cultural Village sayamba wapima mnyamata wake kuti ndi wa maso kapena wa manja. Amuonetsa, amuuza, ampatsa sompho, namdzudzula.

Ine ndinaphunzira zimenezi mowawa. Pamene ndinali kuphunzira za zinenero kunja kwa dziko lino ndinali kudziyesa munthu wa mabuku. Phunziro la kamvekedwe ka mawu linali ndi lembetso lake: mphunzitsi achula mawu opanda tanthauzo, ife tilemba ndi zizindikiro za International Phonetic Alphabet. Lembetso loyamba ndinalephera kocititsa manyazi. Ndinathamangira ku laibulale, monga mwa cizolowezi canga, ndi kuwerenga za lilime ndi m'kamwa usiku wonse. Lembetso laciwiri ndinalepheranso. Cimene cinandithandiza ndi kukhala pansi ndi makaseti kwa kanthawi tsiku liri lonse, kulemba cimene ndamva, kuyang'ana yankho, ndi kubwerera pa mawu amene ndaphonya. Pofika kumapeto kwa caka khutu limene ndinaliyesa logontha linali kumva. Linali khutu losaphunzitsidwa cabe.

Zimene zithandiza aliyense

Njira imene ndinaigwera mwangozi ndi makaseti aja iri ndi umboni woculuka kuposa njira zonse 71 zija. Iri ndi mbali ziwiri: kudziyesa, ndi kutalikitsa nthawi pakati pa kubwereza.

Kale mu 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany, podziyesa yekha ndi maphatikizo opanda tanthauzo, anaonetsa kuti kuiwala kuthamanga kwambiri m'maola oyamba, kenaka kucepa liwiro, ndi kuti kubwereza kogawidwa pa masiku angapo kusunga zambiri kuposa kubwereza kounjika pa tsiku limodzi. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anapatsa ophunzira a pa yunivesite ndime yoti aphunzire. Gulu lina linaiwerenga pa zigawo zinai za nthawi. Gulu lina linaiwerenga pa cigawo cimodzi cokha, ndipo pa zigawo zitatu zotsalazo linalemba pa pepala loyera zonse zimene linakumbuka. Patapita mphindi 5 owerenga mobwereza anaposa, 83 kwa 71 mwa 100. Patapita sabata imodzi zinatembenuka: owerenga mobwereza anakumbuka 40, odziyesa 61. Cocititsa cidwi ncakuti owerenga mobwerezawo ndiwo anali ndi cikhulupiriro cacikulu kuti adzakumbuka. Mu 2013 John Dunlosky ndi anzake anasanthula njira khumi zimene ophunzira agwiritsa nchito, napeza kuti ziwiri zokha ndizo ziri ndi phindu lalikulu, kudziyesa ndi kugawa nthawi. Kudula mizere pansi pa mawu ndi kuwerenga mobwereza, zimene ambiri a inu mucita mpaka buku kuda, zinagwera m'gulu la phindu locepa.

Cifukwa cake ncomveka. Mukawerenga tsamba kacitatu, maso alizolowera, ndipo kuzolowerako kumveka ngati kudziwa. Koma pa mayeso tsambalo kulibe. Cimene mufunsidwa ndi kutulutsa zimene ziri m'mutu. Kutulutsako ndi luso lake, ndipo monga kupinda waya, likula ndi kucita. Motero mukatha kuwerenga za magulu a maina, tsekani buku, tengani pepala loyera, lembani magulu onse ndi zitsanzo ziwiri-ziwiri ndi mgwirizano wake, ndipo pokhapo tsegulani buku muone pamene mwaphonya. Citaninso patapita masiku awiri, kenaka patapita sabata. Miyambi ndi zining'a zilembeni pa timapepala, kuno mwambi, kuseri tanthauzo. Mukakumana m'gulu madzulo musawerengerane zolemba. Funsanani mafunso, ndipo aliyense ayambe wayesa kuyankha asanamve yankho la mnzake. Mawu ojambulidwa pa foni sindiwaletsa, koma muwaimitse pakati ndi kunena nokha cimene citsatira. Njira iyi njowawa pang'ono, pakuti ikuonetsani umbuli wanu tsiku ndi tsiku, ndipo ndi cifukwa cake ambiri aithawa.

Cimene muyenera kudziwa za inu eni

Tsopano funso lathu laciwiri lingayankhidwe. Kudzidziwa nkofunika ndithu pa maphunziro, koma zoyenera kudziwa nzina. Cacikulu ndi ici: mudziwe cimene mwazolowera ndi cimene simunazolowere. Kodi munakula ndi cinenero citi pa nyumba? Mwawerengapo mabuku angati a Cinyanja kuyambira cikuto mpaka cikuto? Munalemba liti cimangirizo comaliza m'Cinyanja? Mayankho a mafunso awa akuuzani kumene muyenera kuika maola anu, ndipo kawiri-kawiri ndi kumene simukonda. Ndikulangizani kusunga kabuku ka zolakwa zanu. Nchito ikabwezedwa musangoyang'ana malikisi. Lembani colakwa ciri conse ndi cokonza cake. Pakatha mwezi mudzaona kuti simulakwa paliponse, koma pa malo atatu kapena anai omwe-omwewo: wina aiwala h, wina aphatikiza mawu oyenera kulekana, wina alowetsa vi- m'malo mwa zi-. Kabuku kameneko kanena zoona za inu kuposa mafunso alionse ogawa anthu m'magulu.

Mudziwenso nthawi ndi malo anu. Wokhala kwa acibale ku Chilenje m'nyumba ya anthu asanu ndi atatu, amene ayembekezedwa kuphika ndi kucapa, sangatsate ndondomeko ya mnzake wogona pa koleji. Wina mutu wake uyera m'bandakuca, wina madzulo. Mu 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ophunzira odalira kuwerenga usiku anabvutika kuposa amene anazolowera kugwiritsa nchito timipata ta masana. Ulendo wa pa minibasi wocokera ku Chelstone ungakwane timapepala khumi ta miyambi. Apa zokonda zanu ziri ndi malo: ngati kujambula mizere ndi mabokosi kukusungani pa tebulo ola lathunthu, jambulani, ngati kuyenda uku mukulankhula nokha kukuthandizani kuti musagone, yendani. Koma mukatha, tsekani buku mudziyese, pakuti ndi pokhapo mudzadziwa ngati mwaphunzira.

M'kalasi mwanu

Kuyambira mu 2022, pamene boma linacotsa malipiro a sukulu, ana anaculuka m'makalasi ambiri a boma, ndipo mphunzitsi alibe nthawi yotaya pokonza maphunziro atatu m'malo mwa limodzi labwino. Makadi, kuomba m'manja ndi zitsekerero za mabotolo za mtsikana uja zonse zinali zabwino. Colakwa cinali kuzigawa. Mwana aliyense amve phatikizo, alichule, alione, alilembe, aliwerenge m'liwu lenileni, ndipo mawa ndi mkuca afunsidwenso bolodi litafufutidwa. Gawani ana ngati kuli kofunika, koma monga mwa cimene adziwa lero, ndipo magulu amenewo azisintha.

Pali kusiyana kwina pakati pa ana kumene kuli kwenikweni, ndipo maina aja akubisa. Mwana amene atsinzinira poyang'ana bolodi, nakopera kwa mnzake, koma ayankha bwino pakamwa, mwina si wa makutu: mwina saona patali. Mwana amene ayang'anitsitsa pakamwa panu, nasocera mukatembenukira ku bolodi, mwina si wa maso: mwina khutu lake liri ndi bvuto. Ana otere afuna mpando wa kutsogolo, ndipo makolo ao auzidwe kuti apite nao ku cipatala. Mwana wacete amene wangofika kucokera ku Mongu kapena ku Kasama mwina sanamve cinenero cimene mulikugwiritsa nchito. Mphunzitsi amene wamucha kale wa manja sadzafunsanso.

Musanapite kukayeserera uphunzitsi, citani ici pa inu eni. Sankhani ndime ziwiri zofanana kutalika m'zolemba zanu za malamulo a cinenero. Yoyamba muiwerenge kanai motsatizana. Yaciwiri muiwerenge kamodzi, kenaka katatu mulembe pa pepala loyera zimene mukumbuka, buku liri cotseka. Tsiku lomwelo lembani pambali ndime imene muganiza kuti mudzaikumbuka bwino. Pakatha masiku asanu ndi awiri, osatsegulanso buku, lembani zonse zimene mukumbuka za ndime ziwirizo, mnzanu awerenge mfundo zimene mwapeza, ndipo mubwere ndi mapepala onsewo ku phunziro lotsatira kuti tidzaike nambala za kalasi yonse pa bolodi.